Buleki Ili Mbali Inayo

Ngoloyo inakhala pa miyala kuseli kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, kuyambila tsiku limene aAbednego Ngulube analephela kudzuka pamphasa. Mawilo ake anali otsamila pa tsinde, ndipo nkhuku zinali zitayamba kuikila m'kati mwake. Fabian, mwana wawo, ankaidutsa m'mawa uliwonse popita kukasukusula, ndipo m'mawa uliwonse ankayang'ana kumbali.

Anabwela kumalilo a atate ake kuchokela ku koleji ya uphunzitsi ndi kasutikesi kake, akuti akhala sabata imodzi. Sabata inatha, mwezi unatha, kasutikesi kanalowa pansi pa bedi. Anzake kumeneko anali kukangana za Chitaganya mpaka mawu kusasa, iye ali kuno kwa Kalindawalo akutongola chimanga. Munthu akamufunsa kuti abwelela liti, ankangoti, "Mailo," ndipo sunkadziwa ngati akunena mailo akubwela kapena mailo apita.

Atate ake anathela mphamvu zawo kunjanji, ku Bulokeni Hilu, m'shedi yokonzela mabogi a katundu. Kumudzi ankabwela ngati alendo, atanyamula shuga, nsalu ndi nkhani za mabogi. Kuno kulibe njanji, ambili sitima anangoiona pa kalendala ya m'sitolo. Koma aNgulube akakhala pansi ankakamba ngati aliyense anabadwila pa sitesheni.

"Bogi ya dongo si bogi ya malasha, Fabian," ankatelo, akujambula pansi ndi kamtengo. "Malasha ndi opusa, ukangopendeketsa agwa okha. Dongo ndi lamakani. Nchifukwa chake matabwa a pansi timawayala chautali, kuloza ku chitseko, kuti dongo potsika lizitsata mizele. Ukayala chopingasa lidzakakamila pa mpata uliwonse ngati mwana wokana sukulu."

Kenako chitseko, chakumbuyo kokha, chopachikidwa pamwamba kuti chizitsegukila pansi. Kenako mzele woyela m'mbali, wosonyeza kumene kuli chitsekocho. Kenako mtanda wachitsulo pamwamba, woyalapo lona ngati denga kuti mvula isakhazikike pa dongo. Fabian anazimva zimenezi mpaka kuziloweza osafuna. Ali mwana ankaganiza kuti: munthu uyu adziwa bawuti iliyonse ya bogi, koma dzana wandifunsa kuti ndili kalasi yanji.

Zaka zonsezo amayi ake, aEneless, ankasenza dongo pamutu. Anali woumba, ndipo miphika ndi mitsuko yawo inkafika mpaka ku Nyimba. Mtapo, dzenje limene amakumbamo dongo loumbila, uli kuseli kwa kamtunda, ndipo pobwela njila imatsetseleka mpaka pakhomo. Pamene pamakhala nkhata tsitsi linatha kalekale. Masiku ano akafuna kuona kumbuyo ankatembenuka thupi lonse, chifukwa khosi linali litakana.

Atabwelelatu kumudzi, aNgulube anabwela ndi chifuwa, bokosi la zitsulo, ndi ekiselo ya mawilo a lole yakufa imene anaipeza ku Petauke. Anayamba kukhoma ngolo osauza munthu kuti ndi ya chiyani, kaya ndi ya yani. Bulu wa akazi awo anam'patsa dzina loti Shanta, monga kainjini kokankha mabogi pa sitesheni, ndipo ankakamba naye kuposa mmene ankakambila ndi anthu. Mvula isanagwe, anawaika m'manda.

Tsopano tsiku lometa linali pafupi, tsiku limene abale a mwamuna amabwela kudzagawa katundu wa malemu. Mwambo wake ndi wodziwika: chimene munthu anapatsa mkazi wake ali moyo chimatsala pakhomo, koma chimene sanapeleke chimapita kwa abale ake. Ndipo aVitalis, mng'ono wa malemu, amene ankagulitsa nthochi m'mbali mwa mseu ku Nyimba, anali atabwela kale panjinga kudzazungulila ngoloyo, akuimenya m'mbali ngati ng'ombe ya pamsika.

"Iyi ikangovala mawilo," anatelo aVitalis, "nthochi zanga zidzafika kumseu zisanapse."

Atapita, Fabian anapeza amayi ake akupeta.

"Amama, ngolo ija atata sananene kuti ndi yanu?"

"Atate ako sanali munthu wonena."

"Koma ndi ya dongo. Matabwa anawadula chautali, ndaona."

"Dongo ndi la aliyense, mwanawe. Alamu adzati anafuna kuumba njelwa." Anauzila mankhusu. "Mkazi wamasiye sakangana pa katundu. Adzati ndinali kudikila."

Fabian anaona pamutu pawo pamene panalibe tsitsi, ndipo anakwiya. Ngakhale pa chinthu chimodzi ichi, atate ake anachoka osamaliza, osanena. M'mawa mwake anathamangitsa nkhuku m'ngolo natsegula bokosi la zitsulo. Sankadziwa ngati akumalizila amayi ake kapena aVitalis. Ankangofuna kuti manja akhale ndi chochita.

M'bokosimo munali masipanala okulungidwa m'nsanza ya mafuta, mabawuti m'chitini, choboolela, kapini kachitsulo kokhala ndi tcheni, ndi chibuma cha dongo louma chimene anatsala pang'ono kutaya, koma anangochikankhila pakona. Anayala matabwa chautali. Anaveka mawilo pa ekiselo. Anapachika chitseko pamwamba. Anaimika mtanda wa lona, najambula mzele woyela ndi njeleza. Chimene chinamukwiyitsa kwambili n'chakuti sanafunikile kufunsa munthu. Nkhani zija zimene ankadana nazo zinali m'manja mwake, zikutuluka imodziimodzi, ndi mawu a atate ake omwe.

Buleki ndiyo inamuimitsa. Chitsulo chake chinali chosulidwa kale, ndipo chogwilila chake chinali cha mtengo wa mlombwa, chosemedwa mokhota, chokhala ndi timigula. Anachigwila, sichinakhale m'dzanja. Anachitembenuza, sichinakhalebe. Ndiye mabowo. Woyendetsa ngolo aliyense kuno amayenda kumanzele kwa ngolo, kuti dzanja lake lamanja likhale pafupi ndi buleki. Koma mabowo awili amene atate ake anaboola anali mbali inayo.

Anaima akuwayang'ana. Ndiye kuti matenda anali atafika kale m'mutu. Anamva chisoni, koma pansi pa chisonicho panali kena kake kowawa kokoma: munthu wodziwa bawuti iliyonse analakwitsa, ndipo mwana amene sanam'dziwe kalasi ndiye akukonza. Anatenga choboolela naboola mabowo ena awili mbali yoyenela, namanga buleki pomwepo.

Amayi ake anabwela ndi madzi akumwa m'chikho. Anaima, nazungulila ngolo pang'onopang'ono. Atafika pa mabowo opanda kanthu aja analowetsamo chala.

"Wasuntha."

"Analakwitsa, amama. Ndi matenda aja."

"Oho," anatelo, natenga chikho chawo n'kumapita. Tsiku limenelo sanadye.

Kutacha, Shanta anadula chingwe. Fabian anam'thamangila kudutsa m'munda wa maungu mpaka kuseli kwa nkhokwe, kumene kuli kampanda ka udzu komwe amayi ake amaumbilako. Kumeneko mwamuna safikako, amati miphika imasweka pootcha, ndipo Fabian anali asanapondeko chibadwile. Anagwila bulu pakhosi, ndipo pa mpata wa udzu anaona amayi ake atakhala pansi, mtsuko wauwisi uli pa phale pakati pa miyendo.

Poyamba sanadziwe chimene chinali chachilendo. Kenako anaona. Dzanja limene linali m'kati mwa mtsuko, likukweza khoma, likutola chigoba cha nkhono n'kupala, likuthamanga ngati lili ndi maso ake, linali lamanzele. Lamanja linkangochilikiza kunja ngati mlendo wothandiza. Iye amayi ake ankawadziwa ndi dzanja lamanja. Ndi limene ankadyela, kupatsila anthu zinthu, ndi kulemba chizindikilo cha mtanda m'tchalitchi.

Shanta analila. AEneless anatembenuka thupi lonse.

"Choka apo iwe! Ufuna miphika yanga isweke?"

"Amama, ndinu amanzele?"

"Tsitsa mawu!" Anabisa dzanjalo m'chitenje ngati laba kanthu. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anapuma. "Ima komweko, usalowe. Mangilila bulu uyo asanadye udzu wa mpanda."

Anakamba akuyang'ana mtsuko. Ali mwana, azakhali awo anawamanga dzanja limenelo kumbuyo ndi luzi mpaka lamanja linaphunzila kudya. Linaphunzila zonse, koma dongo linakana. Dongo limamvela dzanja limodzi basi.

"Atate ako anandipeza ndili mtsikana, ndikugenda anyani m'munda mwa amalume. Ndinkayesa ndili ndekha. Ndinam'menya mkulu wa anyani pamsana penipeni. Ndangomva munthu akuseka m'thengo, akuti, 'Mwala umenewo wachokela mbali iti?' Ndinathawa. Anabwela kudzafunsila mwezi womwewo." Anapukuta mphuno ndi kuseli kwa dzanja. "Sanauze munthu, ngakhale amayi awo."

"Ndiye Loweluka pometa tiwauze! Ndi yanu, amama. Mabowo aja ndi umboni."

"Usayese."

"Koma khosi lanu..."

"Udziwa ntchito imene anthu amapatsa dzanja ili. Ndani adzaphikile ana ake mumphika woumbidwa ndi dzanja la kuthengo? Ndidzakhala ndi ngolo yodzaza dongo, wogula palibe. Ngolo ipite ku Nyimba. Mutu ndikali nawo." Anam'yang'ana m'maso. "Lonjeza."

Fabian analonjeza.

Anabwelela pansi pa mango namasula buleki, naibweza pa mabowo a atate ake. Anagwila chogwilila chija ndi dzanja lamanzele. Chinakhala, koma timigula tinali tating'ono, zala zake zinkasefukila. Pamenepo anakumbuka chibuma chija. Anachitulutsa m'bokosi nachiyang'ana padzuwa. Chinali dongo limene munthu analifinya kamodzi m'dzanja n'kulisiya: zala zinayi mbali imodzi, chala chachikulu mbali inayo. Anachiika pafupi ndi chogwilila, ndipo mgula uliwonse unali ndi mnzake. Munthu wachifuwa uja anatola chimenechi penapake, nachiumitsa, nakhala pansi pa mtengo uno akusema mlombwa, akuyesa, akusemanso.

Fabian anakhala pansi, msana pa wilo. Misozi imene inakana kumanda inabwela masana dzuwa lili pamutu, nkhuku zikumuyang'ana. Anakwiyabe. Munthu angathe kusema zala za mkazi wake pa mtengo, koma osatha kutsegula pakamwa n'kunena mawu awili pamaso pa mboni? Anaika chibumacho m'thumba la malaya.

Loweluka anthu anadzaza pabwalo. Atatha kumeta, aRabecca, mlongo wamkulu wa malemu, mayi wa mawu aakulu ndi fodya wa m'mphuno, anakhala pa mpando n'kuyamba kugawa. Jekete la kunjanji linapita kwa mphwawo wina, chipewa kwa wina. Bokosi la zitsulo analikankhila kwa aVitalis. Fabian analiona likupita, nagwila thumba la malaya.

"Kwatsala chimotoka chopanda injini icho," anatelo aRabecca. "Ngati alipo amene mlongo wanga anam'patsa ali moyo, anene pano. Sindifuna kukazimvela kuchitsime mailo."

Fabian anayang'ana amayi ake. Anali pamphasa pakati pa akazi, mutu wometedwa uli pansi, manja onse awili m'chitenje. Fabian anakumbuka lonjezo lake, nayang'ana pansi. ARabecca anayendetsa maso pabwalo lonse.

"Basi. Vitalis, ndi yako."

AVitalis anadzuka akumwetulila, napita mbali imene woyendetsa amaima. Anatambasula dzanja, nagwila mphepo. Anasuzumila pansi, kenako anazungulila.

"Ah! Fabian, mwana wanga, kukoleji sanakuphunzitseni kuti manja ndi kuti? Kapena munali musanafike pa phunzilo limenelo?"

Anthu anaseka. Fabian anayankha, "Ndatsata mabowo a atata."

Kuseka kunatha pa nkhope ya aVitalis. Anagwila chogwilila, nachitembenuzila uku ndi uku m'dzanja lamanja, napukusa mutu. Sananene mwachipongwe, ananena mwachisoni, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka.

"Akulu anga mutu unali utapita, abale. Chifuwa chija chinakwela. Taonani ichi, chokhota ngati nyanga ya mbuzi. Munthu wa zaka zonse zija kunjanji, kufika posadziwa mbali ya buleki! Tisamakambe kunja, tingawachititse manyazi. Ndikafika kwathu ndidzachipala chiongoke."

"Kalanga ine," anatelo mkulu wina. "Nchifukwa chake ankakamba ndi bulu."

"Anavutika," akazi anavomela.

Pamenepo aEneless anadzuka. Anadzuka pang'onopang'ono, monga munthu amene ali ndi katundu pamutu.

"Alamu," anatelo, mawu ali pansi, "mutu wa akulu anu unali bwino mpaka tsiku lomaliza."

"Alamu, sindinanene moipa..."

"Ndamva. Tapatukani pang'ono."

Anayenda pakati pa anthu mpaka mbali ija ya ngolo. Anaima moyang'ana kutsogolo, monga woyendetsa. Anatulutsa dzanja lamanzele m'chitenje naliika pa mlombwa, ndipo zala zinalowa m'malo mwake ngati zafika kwawo. Anakankhila pansi, buleki inaluma wilo. Ndi dzanja lomwelo anatola kapini kolendewela pa tcheni nakalowetsa pa bowo lake osayang'ana n'komwe. Mbali ya ngolo inali yolekeza m'chiuno mwawo, pamene munthu angakhuthule dengu osakweza mapewa. Sanachotse dzanja. Anangoima, aliyense aone.

Mayi wina wa nyumba yoyandikana anagwila pakamwa.

"Mayo! Ndiye mphika wanga wa ndiwo uja..."

"Mphika wako uja walela ana ako onse, ndipo ali ndi masaya ngati maungu," anatelo aRabecca. "Khala chete." Ananunkhiza fodya, nayang'ana mlamu wawo nthawi yaitali. "Ine ndadyela m'miphika ya mayi uyu kuyambila ali mtengwa. Eneless, zaka zonsezi? Ndipo Abednego ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Kamunthu kachinsinsi! Ali mwana anabisa kamwana ka gwape m'nkhokwe mwezi wathunthu." Anayetsemula mwadala kuti abise misozi. "Vitalis, iyi mwini wake anapeleka kale. Ife tachedwa."

AVitalis anayesa kuika dzanja lawo lamanzele pa chogwilila aEneless atachoka. Zala zawo zonenepa zinakhala pamwamba. Anaseka, napukuta m'maso ndi chipewa.

"Ndiponso matabwa oyala chotele si a nthochi," anatelo. "Zikanatsetseleka zonse n'kugwela mumseu, anyani a ku Nyimba n'kumandithokoza." Ananyamula bokosi la zitsulo, nayenda pang'ono, nabwelela. Anatulutsa sipanala imodzi nam'patsa Fabian. "Ya mawilo iyi. Uzimanga mabawuti mwezi ukaoneka, usadikile kuti alile."

Lolemba m'mawa anamanga Shanta napita ku mtapo. Mayi woyandikana uja anali atatuma kale mawu kuti mtsuko umene anaitanitsa ausiye, ndipo akazi awili amene anakumana nawo pa njila anapeleka moni akuyang'ana dzanja, osati nkhope. AEneless anawayankha bwinobwino.

"Ena adzabwela mitsuko yawo ikasweka," anauza Fabian. "Ena sadzabwela. Kumba apo, pamene pali lotuwa."

Anadzaza ngolo, nayala lona pa mtanda chifukwa kumwamba kunali kutachita mdima. Pokwela kamtunda Fabian anakankha kumbuyo, Shanta akudandaula. Pamwamba anafuna kupita kutsogolo kuti agwile bulu, koma amayi ake anali ataima kale mbali yawo. Ngolo inayamba kutsika, dongo likukankha, ndipo dzanja lija linatsitsa chitsulo pang'ono, n'kubweza, n'kutsitsanso. Wilo linkalila pansipansi. Ankayenda mutu uli mmwamba, wopanda kanthu, ndipo Fabian anaona kuti sankadziwa chochita nawo. Kawili konse dzanja lamanja linakwela lokha kukagwila dengu limene silinalipo.

Pakhomo anamasula bulu, natsegula chitseko cha kumbuyo. Fabian anakweza kutsogolo kwa ngolo. Dongo linakhala kaye ngati likuganiza, kenako linatsika lonse pamodzi, likutsata mizele ya matabwa, n'kugwa pansi mulu umodzi. M'ngolo munatsala mosalala.

AEneless anazungulila mbali inayo, pamene panali mabowo awili atsopano aja, oyela m'kati, opanda ntchito.

"Nanga awa?"

"Nditseka ndi timitengo, amama."

"Asiye."

Analowa m'nyumba natuluka ndi nkhata yawo yakale, yakuda ndi thukuta, yophwanyika pakati. Anapisa luzi pa bowo limodzi, nalitulutsa pa linzake, namangililapo nkhatayo. Mfundoyo anaimanga ndi dzanja lamanzele, pabwalo, anthu akudutsa.